Nsanja ya Eiffel kapena Arc de Triomphe: mukwere iti mukafika ku Paris?

Anzathu okhala ku Britain akakwera sitima ya Eurostar kupita ku Paris amakhala ndi tsiku limodzi kapena awiri basi, ndiye funso limakhala lomwelomwelo: tikwere pati kuti mzindawu tiuone bwino? Malo amene amalimbirana alendo ndi awiri, nsanja ya Eiffel ndi chipilala cha Arc de Triomphe. Zonse ndi za zaka za m'ma 1800, ndipo ponse pawiri pamafunika tikiti kuti mukwere. Ine ndimati ngati nthawi ndi thumba zikungolola malo amodzi, kwerani Arc. Komabe nsanja ya Eiffel si yoipeputsa, choncho ndiyambe ndi iyo.

Anaimangira chionetsero chachikulu cha mayiko cha 1889, chokumbukira kuti papita zaka 100 chichitikireni chipolowe chosintha boma cha 1789. Ntchito inayamba mu Januwale 1887, pofika pa 31 Malichi 1889 n'kuti atamaliza. Tangoganizani: zitsulo 18,038, misomali yozilumikiza pafupifupi 2.5 miliyoni, zonsezo m'zaka ziwiri ndi miyezi iwiri. Dzina ndi la Gustave Eiffel, mwini kampani, koma anayamba kujambula pulani ndi mainjiniya ake awiri, Maurice Koechlin ndi Émile Nouguier, kenaka Stephen Sauvestre n'kudzaikongoletsa. Ndi mamita ake 300, panalibe chomangidwa china chachitali kuiposa padziko lonse mpaka 1930.

Sikuti onse anailandira ndi manja awiri. Mu Febuluwale 1887, maziko asanathe n'komwe, akatswiri a zaluso analemba kalata m'nyuzipepala ya Le Temps yodandaula kuti chitsulochi chiipitsa nkhope ya Paris. Ena mwa osayina anali Charles Garnier, amene anamanga nyumba yotchuka ya zisudzo ya Opéra, wolemba nkhani Guy de Maupassant ndi wopeka nyimbo Charles Gounod. Eiffel anatsamira pa sayansi. Mukaima pansi n'kukweza maso, muona mayina 72 a asayansi ndi mainjiniya a ku France olembedwa mozungulira nsanjika yoyamba: Lavoisier, Ampère, Foucault, ndi Daguerre wa luso lojambula zithunzi uja. Sayansi yomweyo ndiyo inadzaipulumutsa. Chilolezo chake chinali cha zaka 20 zokha, koma mu 1898 Eugène Ducretet anatumiza uthenga wopanda waya kuchokera pansanjapo kukafika ku Panthéon, nyumba ina yotchuka ya mu Paris, mtunda wa makilomita 4, ndipo asilikali atazindikira phindu lake pa wailesi, nkhani yoigwetsa inazilala. Munthu wokonda zitsulo ndi zomangamanga akwere masitepe 674 opita pansanjika yachiwiri. Amadutsa m'mimba mwenimweni mwa nsanjayo, msomali uliwonse akuuona ndi maso. Zimenezi ku Arc simungazipeze.

Vuto lake ndi liti tsono? Pamwamba penipeni, mamita 276, m'patali kwambiri. Paris imangoyala ngati mapu, nyumba zonse n'kufanana, anthu osaoneka. Pansanjika yachiwiri, mamita 115, mpamene pamaoneka bwino. Chinanso, chimene munabwerera ku Paris kuti mudzachione simuchiona, poti mwachiponda. Onjezanipo mizere: wofufuza zikwama, wa chikepe choyamba, wa chikepe chopita pamwamba. Amene sanagulire tikiti pa intaneti akhoza kuthera theka la tsiku ataima, ndipo nyengo ikaipa pamwamba paja amatseka.

Arc de Triomphe ndi wamkulu pa zaka koma wamfupi pa msinkhu, mamita 50 okha. Napoléon ndiye analamula kuti amangidwe mu 1806, atapambana nkhondo ya ku Austerlitz. Womanga wake, Jean Chalgrin, anamwalira mu 1811, Napoléon anagwa, ntchito inaima, mpaka anadzatsegulira mu 1836 pa ulamuliro wa mfumu Louis-Philippe. Mwini maganizoyo anadutsa pansi pake ali m'bokosi, mu 1840, pamene mtembo wake unabwezedwa kuchokera ku chilumba cha Saint Helena. Musanakwere, imani kaye kutsogolo kwa chosema cha François Rude cha anthu odzipereka kunkhondo mu 1792, chimene ambiri amangochitcha La Marseillaise. Mayi wamapiko ali pamwamba, kukamwa kuli yasa, akuitana anthu. Mwala koma ngati ukumva mfuu.

Masitepe ndi 284, ozungulira, opanikiza, ndipo mawondo amadandaula. Chikepe chilipo koma ndi cha amene sangathe kukwera. Mukangotulukira padenga, mudzamvetsa chifukwa chimene ndikulimbikira malo ano. Misewu ikuluikulu 12 ikuchoka pansi pa mapazi anu kulowera mbali zonse ngati masipoko a njinga. Mamita 50 ndi msinkhu woyenera: mwakwera moti mukuona mzere wa msewu mpaka kumapeto, koma muli pafupi moti mukuona makonde achitsulo, mitengo ya m'mbali mwa msewu ndi madenga otuwa aja.

Apa mpamene munthu amaiona ndi maso ntchito ya Georges-Eugène Haussmann, amene Napoléon III anamupatsa udindo woyang'anira dera la Seine, momwe muli Paris, kuyambira 1853 mpaka 1870. Paris yakale inali ya tinjira topapatiza, tamdima, tonyowa, ndipo kolera wa 1832 anapha anthu pafupifupi 18,000 mumzindamo. Haussmann anagwetsa nyumba zambirimbiri, n'kudula misewu yotakata yowongoka, ndipo nyumba zatsopano zinayenera kutsata muyeso: mwala woyererako, msinkhu wofanana, makonde oyenda mzere umodzi kuchoka nyumba ino kufika inayo. Pansi pa nthaka, injiniya Eugène Belgrand anakonza mapaipi a madzi akumwa ndi ngalande za zonyansa. Yang'anani Avenue Foch, yotakata mamita 120, yolunjika ku nkhalango ya Bois de Boulogne. Anaitsegula mu 1854. Tembenukani muone Champs-Élysées ikutsetsereka mpaka pa chipilala cha ku Iguputo cha pa Place de la Concorde, chimene anachiimika mu 1836 momwemo.

Kukongolaku kunali ndi mtengo wake, ndipo sindifuna kuti tizikuona ngati kunagwa kuchokera kumwamba. Amphawi amene nyumba zawo zinagwetsedwa sanakwanitse lendi ya nyumba zatsopanozo, anakankhidwira kumphepete kwa mzinda. Otsutsa ankanenanso kuti msewu wotakata ndi wovuta kuutchinga pa zipolowe, koma wosavuta kudutsamo asilikali. Mukaima padenga la Arc, dera lolemera limene mukulionalo ndi la amene anapindula.

Ndiye chakumwera kwa Arc, nsanja ya Eiffel ili njo, yathunthu, pamwamba pa madenga onsewo. Chithunzi chimene anthu amachifuna chimajambulidwa kuno, osati uko.

Kunena zoona, nsanja ya Eiffel imapambana pa zinthu zingapo. Agogo kapena ana aang'ono amakwera mosavuta pa chikepe. Mtsinje wa Seine ndi milatho yake zimaoneka bwino kuchokera kumeneko. Pamwamba pali kaofesi ka Eiffel, momwe muli zidole zosonyeza iyeyo akucheza ndi Thomas Edison. Tikiti yofika pamwamba penipeni ndi yokwera mtengo kuposa ya ku Arc, ngakhale ya masitepe yofika pansanjika yachiwiri ndi yotsikirapo.

Mukasankha Arc, tsikani sitima yapansi pa siteshoni ya Charles de Gaulle–Étoile, ndipo chonde musayese kudumpha raundabauti yozungulira Arc wapansi. Pali njira yodutsa pansi pa msewu kuchokera mbali ya Champs-Élysées. Fikani nthawi yamadzulo. Nthawi ya 6:30 amakoleza moto wa pamanda a msilikali wosadziwika, umene wakhala ukuyaka kuyambira 1923. Mukaonerera mwambowo kwerani, dikirani mdima ugwe, ndipo ola likangokwana nsanja ya Eiffel idzayamba kuthwanima kwa mphindi zisanu.