Google Translate pa Chibelarusi ndi Chikonkani

Amene akufuna kuyerekezera Chibelarusi, chilankhulo cha ku Belarus, ndi Chikonkani, chilankhulo cha ku Goa ndi madera ena a ku India, angayambire pa pulogalamu yomasulira ya Google Translate, chifukwa ndi yaulere ndipo zilankhulo zonse ziwiri zilimo, ngakhale kuti sizinalandiridwe mofanana. Chibelarusi chinalowamo mu 2009, ndipo ziganizo zake zimatuluka zosalala m'zilembo za Cyrillic, kuphatikizapo chilembo cha ў chimene Chirasha chilibe. Chikonkani chinadikira mpaka mu 2022, pamene kampani ya Google inawonjezera zilankhulo 24 pogwiritsa ntchito njira imene makina amaphunzira chilankhulo popanda kuona zitsanzo zomasuliridwa kale.

Chondidetsa nkhawa ndi kalembedwe. Pulogalamuyi imalemba Chikonkani m'zilembo za Devanagari, zimene lamulo la ku Goa la mu 1987 linavomereza, pamene Akatolika ambiri kumeneko amagwiritsa ntchito zilembo za Chiroma, ndipo a mumzinda wa Mangaluru amalemba m'zilembo za Kannada. Choncho ndikuilimbikitsa kwa wophunzira wofuna kulawa ubale wakutali wa zilankhulo ziwirizi, zimene zonse ndi za banja limodzi la Indo-European, koma kalata yofunika yopita ku Goa aipereke kwa munthu wodziwa Chikonkani kuti aiwerenge kaye.