Duranta, bougainvillea ndi ashoka pakhomo panga patadutsa mvula ziwiri

Mbande zonse ndinagula kwa anyamata ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu kuno ku Lilongwe, n'kubzala mu Disembala mvula itakhazikika. Mbewu ya pakhomo imadziwika bwino ikapirira dzuwa la Okutobala, n'chifukwa chake ndadikira mpaka pano kuti ndinene mmene zachitira.

Duranta, uja wa masamba achikasu amene ambiri akuchingira kapinga, savuta kugwira. Ngakhale kanthambi kongodula n'kuzika m'chubu kamamera. Koma amafuna sizasi pafupipafupi. M'dzinja ukangomulekerera milungu itatu, mzere wonse wasokonekera. Kumbali kumene nyumba imatchinga dzuwa, chikasu chija chinazilala, masamba n'kubiriwira. Makolo adziwenso izi: akatalika amabereka tizipatso tachikasu tomwe ndi poizoni kwa ana ndi agalu. Ine ndimamudulira asanachite maluwa.

Amene wandigwira mtima ndi bougainvillea. Mu Seputembala ndi Okutobala, kapinga atauma gwaa, fumbi lili koboo, iye m'pamene amayanga pakhoma ndi maluwa ofiirira. Ukamuthirira kwambiri amangochulutsa masamba, ukamumana madzi pang'ono maluwa amabwera. Kwa ife amene bilu ya madzi imatidetsa nkhawa mwezi ndi mwezi, imeneyi ndi mbewu yoyenera. Minga yake yokha ndiyo yosamala nayo, imaboola patapata. Mukadulira, tolani nthambi zonse ana asanatuluke kukasewera.

Mitengo ya ashoka ndinaindandalika m'mbali mwa njira yolowera galimoto. Ashoka amakula mowongoka, masamba atalendewera pansi, ndipo satenga malo. Mthunzi wokhalapo masana musayembekezere, mtengowu ndi wokongoletsa basi. Chilimwe choyamba anafuna madzi kawiri pa sabata. Chiswe nacho chinabwera, chikutsata udzu wouma wophimbira pansi, mpaka chinamata dothi pa tsinde la mitengo iwiri. Nditasuntha udzuwo kuti usakhudze tsinde, n'kuwazapo phulusa, chinachepa.

Mtengo wa mthunzi ndinabzala mbawa, kungodya ya puloti, kutali ndi khoma komanso dzenje la chimbudzi. Pano wandipitirira kale msinkhu ndipo sanandivutitsepo. Komabe mbawa ndi mtengo wa m'nkhalango, umatha kupyola mamita 30, ndipo mizu yake imayenda patali. Amene puloti yawo ndi yaing'ono abzale mango wolumikiza m'malo mwake. Satalika kwambiri, amayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo mthunzi wake umakwanira mkeka ndi mipando iwiri.