Magemu 23 a pa selo ya Steam: patha miyezi isanu ndi inayi, ndasewerapo atatu

Mu Julaye 2024 ndidadzitama pagulu kuti ndakolola. Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu a pa kompyuta, idatsitsa mitengo kuyambira pa 27 Juni mpaka pa 11 Julaye 2024, ndipo m'masabata awiri amenewo ine ndidagula magemu 23 ndi madola 112. Nditawerengetsa ndidapeza kuti pamtengo wake wa masiku onse akadandidyera madola opitirira 500, ndiye ndidauza aliyense wokhala ndi kompyuta kuti asagone, athamangire. Anzanga angapo adandimvera. Poti wosokosera ndidali ine, ndabweranso kudzanena mmene zathera.

Ndikulemba izi mu Epulo 2025. Mwa magemu 23 aja, amene ndinganene popanda manyazi kuti ndasewera ndi atatu. Asanu ndidangowatsegula, kusuzumira, n'kutseka. Otsala 15 sadalowepo n'komwe m'laputopu mwanga. Maina awo angondandalikana kumanzere kwa sikirini, otuwa ngati miyendo ya mwana wosadzola, chifukwa Steam imawalitsa dzina la gemu yokhayo imene uli nayo m'makina.

Ndimakhala pa Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo ndimagulitsa mbewu ndi feteleza m'sitolo ya munthu. Ndatchula ntchito yangayi dala, chifukwa ndi imene idandigwetsa. Azungu selo ya Juni amaitcha ya chilimwe, koma kwathu kuno Juni ndi mwezi woti ukatuluka m'mawa mano amachita kuwombana, mphepo ikutsetsereka kuchokera ku phiri la Domwe. Ndi nthawi yomweyonso imene ndalama zimayenda: fodya wagulitsidwa, mbatata ya kachewere ikukwera magalimoto kupita ku Tete, chimanga chili m'nkhokwe. Chaka chatha abwana adatiwonjezera kangachepe pamalipiro. Usiku wautali, kunja kosatulukika, m'thumba muli kanthu, foni ikukuwonetsa 75%, 80%, 90%. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Tsiku lililonse pakauntala ndimauza alimi mawu amodzimodzi: "Bambo, feteleza gulani pano ndalama ikadali m'manja. Mukadikira Disembala mudzapeza wakwera, kapena watha." Mawuwa ndi oona, ndipo amene amandimvera sadandaula. Cholakwa changa chidali kutenga nzeru ya feteleza n'kukagulira magemu. Feteleza amabwera pa lole, matumba ake amawerengeka, akatha atha. Gemu ya pa intaneti siitha. Valve, kampani ya ku Bellevue ku America imene idayambitsa Steam mu 2003, ilibe mosungira katundu moti tsiku lina mudzapezeka mopanda kanthu. Ogula akhale khumi kapena mamiliyoni khumi, gemuyo ilipobe, ndipo selo imabweranso. Chichokereni Julaye yabwera kumapeto kwa Novembala, yabweranso pa 19 Disembala mpaka pa 2 Januwale, n'kubweranso pakati pa Malichi. Magemu omwe aja, mitengo yomwe ija, ina yotsikirapo.

Imene imandiwawa kwambiri ndi Red Dead Redemption 2. Mtengo wake wa masiku onse ndi madola 59.99. Ine ndidaigula pafupifupi madola 20, n'kumadziona ngati ndabera munthu. Mu Januwale 2025 idatsika kufika pansi pa madola 15, ine ndisadaione ngakhale hatchi imodzi. Ndiye kuti ndidalipira madola asanu owonjezera kuti dzina lake likhale m'ndandanda mwanga miyezi isanu ndi umodzi, likundiyang'ana.

Chifukwa chimene sindidaisewere chidalembedwa poyera patsamba pomwe ndidaigulira, kungoti chili m'munsi, ndipo ine maso adathera pa nambala yobiriwira ya pamwamba. Gemuyi imafuna malo okwana 150 GB. Laputopu yanga ndidaigula yogwiritsidwa kale ntchito ku Tete, disiki yake ndi ya 256 GB, ndipo momwemo muli Windows, maakaunti a kusitolo, ndi zithunzi za ukwati wathu. Ilibenso khadi lapadera la zithunzi, pamene gemuyi imafuna lotero. Kunena zoona, ndidagula goli ndilibe ng'ombe.

Tsono tinene za mamega, chifukwa apa ndi pamene mtengo weniweni wabisala. Kwathu kulibe waya wa intaneti wolowa m'nyumba. Zonse zimadzera pafoni. Iwo adatsitsa mtengo, koma kutsitsa gemuyo kuti ifike m'makina ndi ntchito yako ndi thumba lako. Gemu ya madola atatu ikhoza kukhala ya 50 GB, ndipo ukawerengera mamega ake upeza kuti aposa mtengo wa gemuyo kangapo. Ndidayesa ndi The Witcher 3, ya kampani ya ku Poland ija, pogwiritsa ntchito mamega a usiku omwe amatchipirako. Ndikukumbukira bwino usiku wachitatu. Nthawi ili cha m'ma 1 koloko, ndafunda bulangeti mpaka kumutu, foni ndaitsamiritsa pa botolo la mafuta ophikira pawindo chifukwa ndi pokhapo pamene netiweki imagwira bwino. Kamzere kafika pa 61%. Kenaka mita ya Credelec idayamba kulira kukhonde, tswii, tswii, mayunitsi akutha. Magetsi amapangidwa m'chigawo chathu chomwechino, ku Songo pa Cahora Bassa, koma sabwera ulere. Akazi anga adatulukira pakhomo la kuchipinda atadzikulunga chitenje, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana foni pabotolo.

"Abambo, kodi mwayamba ulonda?"

Ndidaimaliza kutsitsa usiku wachisanu. Itatseguka, munthu wake ankayenda ngati akuwoloka dambo la matope, laputopu ikupuma mofuula, pansi pake potentha moti ukhoza kuwotha. Ndidasewera mphindi 40, n'kuifufuta kuti ndipeze malo. Mamega a mausiku asanu adapita choncho.

Steam ili ndi lamulo labwino lobwezera ndalama, ndipo ndiliyamikire. Ngati sipadathe masiku 14 chigulireni, komanso sudasewere maola opitirira awiri, umapempha ndipo amakubwezera. Ndinkalidziwa lamuloli. Koma munthu wogula magemu 23 nthawi imodzi, pa intaneti ya pafoni, sangawayese onse m'masiku 14. Pofika tsiku limene ndidazindikira kuti theka la katundu wanga silingayende pamakina anga, Ogasiti adali atalowa. Sindidapemphe n'komwe. Wolakwa adali ine.

Atatu amene ndasewera ndi otchipa ndiponso opepuka kuposa onse, ndipo izi zokha zikadayenera kundiphunzitsa kanthu.

Euro Truck Simulator 2 ndidaigula madola osakwana asanu. Ndi gemu yakale, ya 2012, yopangidwa ndi SCS Software ku Prague. Ntchito yake ndi imodzi: kuyendetsa lole yonyamula katundu m'misewu ya ku Ulaya. Ndikadauzidwa kale kuti ndidzathera maola 140 pa zimenezi ndikadaseka, ine amene ndimaona malole enieni tsiku ndi tsiku akulowera kumalire a ku Dedza. Koma ukaweruka mutu uli wodzaza ndi ngongole za alimi, kukhala pansi n'kumangoyendetsa, mvula ikugwa pagalasi, kumatsitsa mtima. Ukachepetsa kukongola kwa zithunzi imayenda bwinobwino ngakhale pa laputopu ngati yangayi. Chenjerani pamodzi pokha: mapu ake ambiri amagulitsidwa padera, ndipo ukayamba kutolera, madola asanu aja amabereka ana.

Portal 2 idali ya dola imodzi. Ndidaimaliza m'masabata awiri, ndipo ndi yokhayo imene ndaiona mapeto ake.

Yachitatu siidakhalenso yanga. Stardew Valley ndi kagemu ka ulimi, kopangidwa ndi munthu mmodzi yekha, Eric Barone, ndipo kadatuluka mu 2016. Sikafika ngakhale 1 GB, moti ndidakatsitsa masana ndikudya nsima. Kali ndi Chipwitikizi, cha ku Brazil koma chomveka. Akazi anga, omwe aja a ulonda, adakaona tsiku lina ndikubzala mbatata, n'kufunsa kuti ikhwima liti. Nditati masiku asanu ndi limodzi adaseka mpaka kugwira m'mimba. Iwo kwawo ndi ku Tsangano, adakulira m'minda ya mbatata, ndipo akudziwa kuti yeniyeni imafuna miyezi itatu ndi kupopera kosalekeza. Adati ndiwapatse aone bodza limeneli. Mpaka lero munda ndi wawo. Ali ndi nkhuku, ng'ombe ziwiri, ndipo amandidzudzula ndikaiwala kuthirira.

Ndi iwonso amene adandifunsa funso limene lidandivula. Mu Okutobala tidakhala pansi kuwerengera za feteleza wa munda wathu weniweni, ndalama zikuperewera. Ndidaulula za madola 112. Pa mameticais pafupifupi 64 dola imodzi, kuphatikiza kamene banki imadulapo ukagula kunja ndi khadi, zidapitirira 7,000. Adakhala chete pang'ono, n'kuti: "Amenewo ndi matumba awiri. Chabwino, zidachitika. Gulitsani amene simukuwasewerawo, tipezepo ngakhale theka."

Ndidasowa poyambira. Chimanga chikachuluka m'nkhokwe umagulitsa. Njinga ukaitopa umagulitsa. Ngakhale madisiki akale a PlayStation anyamata amasinthana pamsika. Koma gemu ya pa Steam ikalowa mu akaunti yako yalowa, sungaigulitse, sungaipatse mnzako. Mwezi womwewo Steam idayamba kulemba poyera pamalo olipirira kuti chimene ukugula ndi chilolezo chogwiritsa ntchito gemuyo, potsatira lamulo latsopano la ku California lokakamiza ogulitsa zinthu za pa intaneti kunena zimenezi mosabisa. Zidali choncho kuyambira kale, kungoti zidakwiririka m'mawu ang'onoang'ono aja amene tonse timavomera osawerenga. Nditawafotokozera akazi anga, adati: "Ndiye mwabwereka munda, mwalipira, koma simukulima." Ndidalibe choyankha.

Masabata otsatira adatsimikiza mawu awo. Chitachitika chisankho cha pa 9 Okutobala, dziko lidalowa m'zipolowe, ndipo masiku ena intaneti ya pafoni inkadulidwa kapena kufooka. Anthu adavutika ndi zazikulu kuposa magemu, ndisanamizire kuti langa lidali vuto. Ndikungonena zimene ndidaona: madzulo amenewo, Steam ili pa offline mode, kutanthauza kuyenda popanda intaneti, chuma changa chonse chidali magemu atatu amene adali kale m'makina. Ena 20 aja adali maina chabe. Pa chifukwa chimenechi ndayamba kuyang'anako ku GOG, sitolo ina imene imakulola kutsitsa fayilo yoikira gemu n'kuisunga pa disiki yako, osafunanso intaneti kuti itseguke. Kwa ife a kuno chimenecho si chaching'ono.

Wina afunsa kuti, nanga selo ya Steam ndi chinyengo? Ayi. Mitengo imatsikadi, ndipo pa magemu atatu aja ndidapindula kwambiri. Lole yanga ya madola asanu yandisangalatsa maola 140, palibe chisangalalo china pa Ulongwe pano chotchipa chotero. Atatuwo pamodzi sadafike madola 20. Madola 90 enawo ndidagulira munthu wina amene kulibe: ine wa m'maloto, wokhala ndi kompyuta yamphamvu, intaneti yosatha, ndi madzulo opanda ntchito. Munthu ameneyo ngakhale atapezeka mawa, adzapeza magemu omwewo ali pa selo, mwina otchipa kuposa mmene ndidamugulira.

Pali china chimene ndidazindikira mochedwa. Epic Games Store imapereka gemu yaulere sabata iliyonse, Lachinayi. Kumeneko ndatolera magemu opitirira 30, ndipo sindidasewereko ngakhale imodzi. Koma sandipweteka mtima. Kukoma kumene ndimamva ndikadina batani lotenga yaulere ndi komwe kuja ndinkamva ndikulipira mu Julaye. Ndiye kuti njala yanga siidali yosewera, idali yotola. Ngati ndi choncho, bola kutola kumene sakulipiritsa.

Panopa ndimachita motere. Ndisadayang'ane peresenti ndimatsikira kaye m'munsi mwa tsamba kukaona ma GB ndi mtundu wa makina amene gemu ikufuna. Ndimagula imodzi, n'kuitsitsa sabata yomweyo, n'kuiyesa ola limodzi masiku 14 asadathe. Nambala ya khadi ndidaichotsa mu akaunti, kuti pofuna kugula ndizidzuka kukatenga chikwama kuchipinda, komwe kuli maso ena. Mndandanda wa zokhumba, umene Steam imakutumizira imelo chinthu chikatsika mtengo, ndidaudula kuchoka pa 60 kufika pa zinayi. Pa selo ya Disembala, mvula ikugwa ndipo ndalama zonse zili kumunda, ndidagula chinthu chimodzi: mapu a Iberia (Spain ndi Portugal) a lole yanga, kuti ndikaone Lisboa ndi Porto n'kumawerenga zikwangwani za m'chinenero chimene ndidaphunzira kusukulu. Ndawayenda kale kangapo. Pa ya Malichi sindidagule kanthu, ngakhale ndidatsegula tsambalo katatu, ndisaname.

Za Red Dead sindidataye mtima kwenikweni. Alamu anga amagwira ntchito ku Moatize, ndipo komwe amakhala kuli intaneti ya mwezi wonse yosawerenga mamega. Adandiuza kuti ndikadzapita ndidzatenge disiki yakunja, tidzaisiye ikutsitsa usiku wonse. Disikiyo ndidabwereka kale, ili m'chikwama pamodzi ndi malisiti a mbewu, ikudikira tsiku limene abwana adzanditume ku Tete pa chapa, minibasi ya kuno. Akazi anga adafunsa kuti ikadzabwera ndidzaisewerera pa chiyani, poti laputopu ndi yomwe ija. Ndidati tidzaona. Iwo adangoti "Ehe," n'kubwerera kukakama ng'ombe zawo za m'kompyuta.