Digiri ya zankhalango ku Bindura: mmene ndikuionera chaka chitatha

Kwa inu anzanga a ku Mabvuku, Mbare ndi Mufakose mu Harare amene mumandifunsa ngati ndikukhutira ndi sukulu imene ndinasankha, yankho ndi lakuti inde. Koma chimene chandikhutiritsa si chimene ndinkaganizira posankha.

Ndinkayang'ana malo atatu: Bindura University of Science Education, National University of Science and Technology (NUST) ku Bulawayo, ndi Lupane State University. Agogo ankafuna ndipite kumudzi, ku Mzuzu University, kufupi ndi mapaini a ku Chikangawa. Bindura inapambana chifukwa cha mtunda basi. Ili pa makilomita pafupifupi 90 kuchokera mu Harare, ndiye ndalama zikatha munthu umakwera kombi n'kukatenga ufa kunyumba.

Chimene ndaona m'miyezi imeneyi n'chakuti nkhalango yozungulira sukulu ndiyo imakuphunzitsa kwambiri. Kuno ku Mashonaland Central ndi dera la nkhalango ya miombo, ya mitengo yachilengedwe ngati msasa ndi munondo, komanso la fodya. Alimi ang'onoang'ono amaumitsa fodya wawo m'mabalani pogwiritsa ntchito nkhuni, ndipo mapiri akumetedwa tikuona ndi maso. Tikamaphunzira kuyeza mitengo, kufesa mbande za bulugamu panazale kapena kuwerengera msinkhu umene chitsa cha msasa chimaphukiranso, si nkhani ya m'buku ayi. Umatuluka m'kalasi n'kukumana ndi ngolo yodzaza nkhuni. Zimandipweteka, ndipo ntchito imene ndikuifuna tsopano ndi yomweyo, yogwira ndi alimi.

Amene mtima wake uli pa matabwa aganize kawiri. Minda ikuluikulu ya paini ndi makina ochekera zili kummawa, ku Nyanga, Penhalonga ndi Chimanimani, kutali ndi kuno. Ku Penhalonga n'kumenenso kuli Zimbabwe College of Forestry, ya Forestry Commission, bungwe la boma loona zankhalango, ngakhale kumeneko ndi dipuloma. Wokonda mitengo yachilengedwe ya matabwa olimba, ya pamchenga wa ku Matabeleland, Lupane imuyenera. Wofuna kuphatikiza ndi nyama zakutchire ayang'ane NUST.

Fizi musaiwerengere yokha. Nyumba, chakudya ndi nsapato zolimba za kutchire zimadya ndalama zambiri, ndipo chaka chachitatu ndi chokaphunzira ntchito kunja kwa sukulu, malo ake umafunafuna wekha. Ine ndayamba kale kulemba makalata ku Mutare, mzinda wa kummawako, kuti paini nayenso ndikamugwire ndi manja ndisanamalize.