Purview ndi Vault: amasunga chiyani, amafufuta liti

Wantchito akatsanzika Lachisanu, Lolemba m'mawa a zachuma amakhala atatumiza kale uthenga woti akaunti yake itsekedwe chifukwa laisensi ikulipiridwabe. Ine ndikafuna kudziwa ngati kasungidwe ka zikalata pa ofesi n'kolimba, ndimayang'ana mphindi imeneyi, pamene chala cha woyang'anira makompyuta chili pa batani lofufutira. M'akaunti imeneyo muli maimelo a zaka zambiri, zokambirana za makontirakiti, mwinanso kalata imodzi imene loya adzaifuna pakadzatha zaka 3.

Pa Google Workspace, gulu la mapulogalamu a Google a m'maofesi monga Gmail ndi Drive, ntchito yosunga ili m'manja mwa Google Vault, yomwe inatuluka mu 2012. Vault imagwira zinthu za munthu malinga ngati akaunti yake ilipo. Mukafufuta akaunti, maimelo ake amapita nayo limodzi, ngakhale mutakhala kuti munaika lamulo loti maimelo azisungidwa zaka 7. Mumakhala ndi masiku 20 oti mubweze akauntiyo, ndipo akadutsa, zapita basi. Njira yake ndi kungoyimitsa akauntiyo, kapena kuisamutsira ku laisensi ya Archived User, yosungira zinthu za wantchito wochoka, yotsikirapo mtengo koma yolipiridwabe. Mafayilo amene ali mu shared drive, malo osungira mafayilo a gulu, sakhudzidwa, chifukwa mwini wake ndi gulu lonse, ndipo ichi chokha n'chifukwa chokwanira choti zikalata zofunika zisamakhale mu Drive ya munthu mmodzi.

Pa Microsoft 365, gulu la mapulogalamu a Microsoft a m'maofesi, chida chake ndi Microsoft Purview, dzina limene linabwera mu 2022 ngakhale zida zake zinalipo kale. Kumeneku, ngati bokosi la maimelo linali pansi pa lamulo losunga kapena hold (chiletso choti kanthu kasafufutidwe) akaunti isanafufutidwe, limasanduka chimene amachitcha inactive mailbox. Limakhalapobe, mutha kufufuzamo, ndipo silifuna laisensi. Koma gwiritsitsani mawu akuti isanafufutidwe, chifukwa lamulo liyenera kuyamba lagwira, kufufuta kubwere pambuyo. OneDrive ya munthu wochoka, mmene muli mafayilo ake, imadikira masiku 30 isanafufutidwe ngati simunasinthe kalikonse. Pa mfundo iyi ya wantchito wochoka, Microsoft ili patsogolo, ndipo kwa ofesi imene anthu amalowa n'kutuluka pafupipafupi, kusiyanaku kumaonekera pa bilu.

Tsopano kapangidwe kake. Purview ili ndi zida ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Choyamba ndi retention policy, lamulo limene limakuta malo onse nthawi imodzi, kaya ndi mabokosi a maimelo a Exchange, masayiti osungira mafayilo a SharePoint, maakaunti a OneDrive kapena mauthenga a Teams. Silifunsa kuti fayilo iyi ndi kontirakiti kapena ndi chithunzi cha phwando la ogwira ntchito. Chilichonse chili m'malomo chimasungidwa nthawi yofanana, ndipo wogwiritsa ntchito sadziwa n'komwe kuti lamuloli lilipo. Chachiwiri ndi retention label, lebulo imene imamatidwa pa imelo imodzi kapena fayilo imodzi. Fayilo imanyamula lebulo yosungira imodzi yokha, ndipo mukaisamutsa kuchoka sayiti ina kupita ina mkati mwa kampani yanu, lebuloyo imapita nayo.

Malamulo awiri akawombana pa fayilo imodzi, Microsoft ili ndi ndondomeko yake. Kusunga kumapambana kufufuta. Pakati pa malamulo awiri osunga, lautali ndi limene limagwira. Ikafika nthawi yofufuta, lebulo yomatidwa pa fayiloyo imamveka kuposa lamulo lokuta malo onse, ndipo zikafananabe, nthawi yaifupi yofufutira ndi imene imatsatidwa. Tiyerekeze kuti lamulo la kampani yonse likuti maimelo afufutidwe pakatha zaka 3, koma imelo ina ili ndi lebulo yoti isungidwe zaka 5. Imeloyo ikhalapo zaka 5. Mukalakwitsa pa Purview, nthawi zambiri mumapezeka kuti mwasunga zambiri kuposa zimene mumafuna.

Vault imayenda mosiyana, ndipo apa ndi pamene ndimapempha anzanga kuti adekhe. Ili ndi default rule, lamulo la onse pa ntchito iliyonse monga Gmail, Drive kapena Chat, komanso custom rule, lamulo lapadera la dipatimenti ina, shared drive ina, kapena maimelo okhala ndi mawu ena. Lamulo lapadera limapambana lamulo la onse ngakhale lapaderalo likhale lalifupi. Ndiye ngati lamulo la onse likuti zaka 7, inu n'kupanga lapadera la chaka chimodzi la dipatimenti ya zamalonda, maimelo awo opitirira chaka amayamba kuchotsedwa, zaka 7 zija sizikuwatetezanso. Mfundo yoti lautali lipambane imagwira pokhapokha malamulo apadera awiri akakumana okhaokha. A Google eni ake amachenjeza momveka kuti lamulo loikidwa molakwika lingafufute zinthu mosabwezeka. Chimene chimaposa zonse ndi hold, imene mumaiika pakakhala mlandu kapena kafukufuku, ndipo ikakhalapo palibe lamulo lofufuta limene lingakhudze zinthuzo mpaka mutaichotsa.

Sindikunena izi ponyoza Vault. Ubwino wake ndi woti munthu mmodzi angathe kuimvetsa yonse. Mumatsegula tsamba la malamulo, n'kuwaona onse pamzere, n'kutha kufotokozera bwana wanu mosavuta kuti imelo ya lero idzatha liti. Pa Purview funso lomweli lingakutengereni tsiku, chifukwa muyenera kuona malamulo onse okhudza bokosilo, lebulo ya imeloyo, ndiponso ngati pali hold yochokera ku eDiscovery, chida chofufuzira zikalata pa milandu. Ofesi ya anthu ochepa, yopanda munthu woona za zikalata payekha, imapindula kwambiri ndi chida chimene ingachimvetse.

Za malebulo ndili ndi zanga zimene ndinaziona ndi maso. Pa ofesi ina imene ndinkathandiza, tinakhala pansi ndi a zamalamulo n'kupanga lebulo ya mtundu uliwonse wa chikalata: ya makontirakiti a ogulitsa katundu, ya makontirakiti a makasitomala, ya malisiti, ya maminitsi a misonkhano, ya makalata olembera anthu ntchito, mpaka mndandanda unasefukira pa sikirini. Tinaona ngati tagwira ntchito yaikulu. Patapita miyezi ingapo ndinatsegula foda ya makontirakiti, ndipo danga la lebulo linali lopanda kanthu pafupifupi pa fayilo iliyonse. Mayi wina wa ku akaunti anandiuza mosabisa kuti akamasunga fayilo amakhala akuthamangira ntchito ina, ndipo akaona mayina ofananafanana amaopa kusankha molakwika, choncho amangosiya. Sanalakwe. Tinawasenzetsa ntchito imene ife eni ake sitikanaikwanitsa tsiku ndi tsiku. Tinachotsa ambiri n'kusiya ochepa oti munthu angawawerenge ndi zala za dzanja limodzi, kenako tinayala lamulo lokuta malo onse pansi pake kuti chimene chaiwalika chisagwe.

Kuyambira pamenepo ndimakhulupirira kuti lebulo yodalira kuti munthu akumbukire kudina siikhalitsa. Imene imagwira ntchito ndi imene imadzimata yokha. Purview imatha kuika lebulo pa chilichonse cholowa mu laibulale kapena foda ina ya SharePoint, kapena kuimata ikapeza mawu ena kapena manambala achinsinsi monga a makhadi a ku banki. Koma zodzichitikira zokhazi zimafuna laisensi yapamwamba ya E5 kapena yowonjezera yofanana nayo, pamene yotsikirapo ya E3 imakupatsani malamulo okuta malo ndi malebulo omata pamanja. Musanasirire zimene mwaona pa chionetsero, yambani mwaona laisensi imene muli nayo. Ndipo mukasindikiza lebulo yatsopano, ingatenge mpaka masiku 7 kuti ioneke kwa anthu, choncho musathamangire kupanga ina poganiza kuti yoyambayo yakanika. Ku Google nakonso kuli malebulo a Drive amene woyang'anira amapanga, ndipo Vault imatha kusunga fayilo potengera lebulo yake. Vault yeniyeniyo imabwera ndi malaisensi monga Business Plus ndi Enterprise, osati ndi otsika mtengo.

Pali chisokonezo china chimene ndimakumana nacho pafupifupi pa msonkhano uliwonse. Microsoft ilinso ndi sensitivity label, ndipo poti onse ndi malebulo, anthu amaganiza kuti ndi chinthu chimodzi. Iyi ntchito yake ndi kunena amene angatsegule fayilo, kuitseka ndi encryption kuti wosaloledwa asaiwerenge, kudinda mawu akuti ndi yachinsinsi, ndipo imatsatira fayiloyo ngakhale ituluke kunja kwa kampani. Za nthawi yosunga ilibe nazo gawo. Fayilo imodzi ingathe kunyamula onse awiri, wina wonena amene aione, wina wonena tsiku limene idzathe.

Pamene Purview imasiya Vault kutali ndi pa zikalata zimene nthawi yake siyambira tsiku limene zinalembedwa. Kontirakiti ya zaka 10 simungaiwerengere kuyambira tsiku losainira. Kawirikawiri lamulo limafuna kuti isungidwe zaka zakutizakuti kontirakitiyo itatha, chimodzimodzinso fayilo ya wantchito imawerengedwa kuyambira pamene wachoka. Purview ili ndi event-based retention, pamene wotchi ya lebulo imadikira mpaka mutalengeza kuti chochitikacho chachitika. Ilinso ndi disposition review, kutanthauza kuti nthawi ikakwana, munthu amene mwamusankha amalandira uthenga, n'kuona chikalatacho, n'kuvomereza kuti chifufutidwe kapena kuwonjezera nthawi, ndipo umboni wa chiganizo chakecho umasungidwa. Malamulo a Vault pa Drive amawerenga masiku makamaka kuchokera pamene fayilo inapangidwa kapena kusinthidwa komaliza, ndipo nthawi ikakwana palibe amene amafunsidwa. Kwa kampani imene maodita amabwera kudzafunsa kuti chikalata chakuti chinawonongedwa liti, ndipo anavomereza ndani, kusiyanaku n'kwakukulu.

Kenako pali maloko amene alibe kiyi. Lebulo ya Purview ingalengeze fayilo kukhala record, zomwe zimaletsa kuifufuta ndi kuchepetsa kuisintha. Ingailengezenso kukhala regulatory record, ndipo imeneyi ikamatidwa, ngakhale woyang'anira wamkulu wa dongosolo lonse sangaichotse. Microsoft anaibisa dala, moti muyenera kuyamba mwaitsegula kudzera mu PowerShell, pulogalamu yolemberamo malamulo a kompyuta. Palinso Preservation Lock, imene ikaikidwa pa lamulo, simungalizimitsenso kapena kulifupikitsa, mungangolitalikitsa. Zimenezi anapangira makampani monga ogulitsa masheya amene ali pansi pa lamulo la SEC 17a-4 ku United States. Ngati palibe lamulo la boma limene likukukakamizani, ine ndingati musazikhudze.

Ena amati njira yachidule ndi kungosunga zonse mpaka kalekale. Ndikumvetsa mantha ake, koma walira mvula walira matope. Pa SharePoint ndi OneDrive, fayilo yosungidwa ikafufutidwa kapena kusinthidwa, kope lake limapita ku Preservation Hold library, malo obisika amene amadya nawo danga la sayitiyo, ndipo tsiku lina anthu amadabwa kuti danga latha chonsecho iwo akhala akufufuta. Pa Exchange malo ake ndi foda ya Recoverable Items. Komanso ngati muli ndi makasitomala ku Ulaya, GDPR, ndondomeko ya kumeneko yoteteza mbiri za anthu, imene inayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, imaletsa kusunga mbiri za anthu nthawi yaitali kuposa imene ikufunika. Ndipo chilichonse chimene mwasunga, khoti lingachiitanitse.

Chimodzi chimene zida ziwirizi zimafanana n'chakuti palibe chimene chili backup, kope lapadera lobwezeretsera zinthu zikatayika. Zimateteza zinthu kuti zisatheretu, ndipo mutha kuzifufuza n'kuzitulutsa, koma kubwezeretsa foda yonse mmene inalili dzulo masana si ntchito imene anazipangira. Pa zangozi za tsiku ndi tsiku, bini ya SharePoint imasunga masiku 93, ya Google Drive masiku 30.

Palibe amene amasamutsa kampani yonse chifukwa cha Vault kapena Purview yokha, choncho ambirife timagwira ndi chimene tili nacho kale. Ndikakhala pa Google, ndimaika lamulo la onse poyamba, malamulo apadera ochepa kwambiri, ndipo lililonse ndimayamba ndaliyesa pa kagulu ka maakaunti oyesera, ndikuwerenga kawiri ngati ndi lalifupi kuposa la onse. Zikalata zofunika ndimazikankhira ku shared drive. Ndikakhala pa Microsoft, ndimayala retention policy pa Exchange, SharePoint, OneDrive ndi Teams, kenako malebulo ochepa a zinthu zimene zilidi ndi nthawi yakeyake. Zaka zenizeni sindizisankha ndekha, zimachokera kwa a zamalamulo ndi a zachuma, zolembedwa ndi kusainidwa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo uthenga wa Lolemba uja ukafika, ndisanadine chilichonse ndimatsegula Vault kapena Purview kaye, n'kulemba dzina la wochokayo, kuti ndione ndi maso anga lamulo limene lamugwira.