NIV Cultural Backgrounds Study Bible: lothandiza mlaliki, koma lisakhale loyamba kutsegula

Baibuloli linatuluka mu 2016 ku kampani ya Zondervan ya ku America. Mawu ake ndi a Baibulo la Chingerezi la New International Version (NIV) la 2011, ndipo ndemanga za m'munsi mwa tsamba anaziyang'anira akatswiri awiri, John Walton ku Chipangano Chakale ndi Craig Keener ku Chatsopano. Pambuyo pake linatulukanso m'mawu a Mabaibulo ena a Chingerezi, NKJV ndi NRSV. Ntchito yake ndi imodzi basi: kukuuzani zimene anthu oyamba kumva mawuwo ankazidziwa kale, zoti mlembi sanavutike kuzifotokoza. Ndalama zawo, malamulo, milungu ya mitundu yoyandikana nawo, kutalika kwa misewu, kakhalidwe ka m'banja. Pa zimenezi bukuli ndi lolimba kwambiri.

Tengani Chivumbulutso 3:15-16, pamene mpingo wa ku Laodikaya ukudzudzulidwa kuti ndi wofunda. Maulaliki ambiri amati kutentha ndi changu, kuzizira ndi kusakhulupirira. Nanga Yesu angalakelake bwanji kuti mpingo ukhale wosakhulupirira? Mbiri ya malowo imamasula mfundoyi. Ku Hierapolis, makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku Laodikaya, kunali akasupe otentha omwe odwala ankapitako. Ku Kolose kunali madzi ozizira bwino akumwa. Onsewo ndi madzi a ntchito, koma ofunda ndi ongolavula. Mzinda wa Laodikaya unagwa ndi chivomezi cha m'ma 60 A.D. ndipo unadzimanganso ndi chuma chawo, osalandira thandizo la Roma. Unkatchukanso ndi ubweya wakuda komanso mankhwala a maso. Mukabwerera pa vesi 17 ndi 18 mutadziwa izi, mawu a golide, zovala zoyera ndi mankhwala opaka m'maso akumveka ngati akuloza zinthu zenizeni zimene anthuwo ankanyadira.

Pa ndalama ndi pomwe bukuli limapulumutsa mlaliki mwachangu. Pa Mateyu 18, kapolo anakhululukidwa matalente 10,000 koma anakanyanga pakhosi mnzake chifukwa cha madinari 100. Dinari imodzi inali malipiro a tsiku limodzi a waganyu, ndipo talente imodzi inali madinari 6,000. Ngongole yoyambayo ndi malipiro a masiku 60 miliyoni, yachiwiriyo ndi a miyezi itatu ndi masiku ochepa. Mpingo ukamva manambala awiriwa, theka la ulaliki latha.

Koma kumasulira Malemba kuli ndi mbali ziwiri, mbiri ya nthawiyo ndi kayalidwe ka nkhaniyo, ndipo bukuli lagwira mbali yoyamba yokha. Silikutsatirani mfundo ya mlembi kuchoka mutu uno kufika mutu winawo. Yeremiya 29:11, vesi lokondedwa pa maukwati ndi pa mapemphero a mayeso, ndi chitsanzo chabwino. Mbiri ikuuzani kuti iyi ndi kalata yopita kwa anthu omwe Nebukadinezara anawatengera ku Babulo mu 597 B.C. Chomwe chimapatsa vesili tanthauzo, komabe, chili pa tsamba lomwelo: vesi 10 likunena zaka 70, vesi 5 ndi 6 akuti mangani nyumba, limani minda, kwatirani, ndipo m'mutu 28 mneneri Hananiya, amene analonjeza kuti zonse zitha m'zaka ziwiri, anamwalira chaka chomwecho. Zimenezi aliyense wokhala ndi Buku Lopatulika angazipeze osagula kanthu. Chimodzimodzi Afilipi 4:13, lomwe tanthauzo lake lagona pa vesi 11 ndi 12, pamene Paulo akukamba za kukhuta ndi njala. Ndiponso bukuli silinena zambiri pa chiphunzitso kapena mmene ndimeyo ikukhudzira moyo wa lero. Linapangidwa dala choncho, koma wogula adziwiretu.

Ndemanga za pa Genesis ndi Eksodo zimadodometsa ena. Zimayerekeza kulengedwa kwa dziko ndi nkhani ya ku Babulo ya Enuma Elish, chigumula ndi nkhani ya Gilgamesh, malamulo a Mose ndi malamulo a Hammurabi, mfumu ya ku Babulo. Sizikutanthauza kuti Mose anakopera. Cholinga ndi kuonetsa pomwe Aisraeli ankaganiza ngati anzawo ndi pomwe ankasiyana nawo. Dziwaninso kuti Walton ali ndi maganizo ake odziwika, oti Genesis 1 ikukamba kwambiri za kuika zinthu m'dongosolo ndi kuzipatsa ntchito, ndipo si akatswiri onse amene amagwirizana naye. Ndemanga ndi ndemanga, si Lemba.

Owerenga a kuno aona kuti zina zinalembedwera munthu wa ku America amene sanatungepo madzi pachitsime kapena kukunkha m'munda mwa eni. Zotere dumphani. Ngozi ili pa miyambo yofanana ndi yathu pamwamba pokha. Lamulo la pa Deuteronomo 25:5-10, loti munthu akwatire mkazi wa mbale wake womwalira, limaoneka ngati chokolo. Koma linkagwira ntchito pamene womwalirayo sanasiye mwana wamwamuna, ndipo mwana woyamba kubadwa ankatenga dzina ndi munda wa malemuyo, chifukwa mbumba ndi malo zinkayenda kuchimuna. Kwa Achewa, komwe mtundu umayenda kuchikazi, kuwerenga Rute ndi maso a kwathu okha kumasokoneza nkhani ya Boazi pachipata cha mzinda. Apa ndemangazi zikuthandiza ndithu.

Kagwiritsidwe koyenera n'kotere. Werengani ndimeyo kawiri m'Chichewa, pamodzi ndi mutu wam'mbuyo ndi wotsatira. Onani ngati ndi kalata, ndakatulo, lamulo, fanizo kapena mbiri, ndipo lembani mafunso atatu kapena anayi pa zimene sizikumveka. Mukatero ndiye tsegulani bukuli, kuyambira pa mawu oyamba a buku la m'Baibulo lomwe mukuwerengalo, kenako ndemanga. Paguwa pitani ndi mfundo imodzi kapena ziwiri za mbiri, zokhazo zimene zikusintha kamvedwe ka ndimeyo. Mlaliki woyamba ndi ndemanga amathera mphindi 20 pa milungu ya ku Babulo, mpingo n'kutuluka osadziwa chimene ndimeyo ikunena.

Bukulo palokha ndi lolemera, la masamba opitirira 2,000, ndipo silonyamula popita kumaliro kapena kumlaga. Mapu, zithunzi ndi matchati ndi amitundu ndipo ndi omveka bwino. Mapepala ndi opyapyala, kotero cholembera cha inki chimadutsira kuseri. Gwiritsani ntchito pensulo. Zilembo za ndemanga ndi zazing'ono, zovuta kuwerenga pa nyali, ndipo m'nyumba yachinyezi nthawi ya dzinja mapepala amapindika ngati bukulo silisungidwa m'bokosi kapena m'pulasitiki. Chingerezi chake n'chosavuta kwa wofika Fomu 4, ngakhale mayina a mafumu a ku Asuri ndi Perisiya amachedwetsa.

Kwa abusa, akulu a mpingo olalikira kawirikawiri ndi ophunzira zaumulungu, ndi loyenera kugula, makamaka lachikuto cholimba, lomwe limatsika mtengo poyerekeza ndi lachikopa pomwe zam'kati ndi zofanana. Mpingo wosakwanitsa kugulira aliyense ugule limodzi loti alaliki azibwerekana. Amene ali ndi foni yabwino angagule ndemanga zomwezi pa pulogalamu ya Baibulo ya pa foni yotchedwa Olive Tree, pomwe zilembo zimakulitsika ndipo mukatsitsa kamodzi sizifunanso bandulo.