Nyenyezi 4 pa 5, buku la nkhani ya ana asukulu amene anazimirira ndalimaliza

Bukuli ndinagulira mwana wa achemwali anga amene ndikukhala naye kuno ku Nchalo, ali Fomu 3, ndimafuna achepetseko kukhalira foni komanso chizungu chake chikwereko MSCE isanafike. Ndinaitanitsa kwa mayi ena ogulitsa mabuku akale ku Limbe, ndalama ndinatumiza pa Airtel Money iwo nkupatsira kondakitala wa minibasi, madzulo omwewo ndinakalandira pa siteji. Ndinati ndiyambe ndaliona ineyo ndisanampatse mwana, basi masiku atatu ndili nalo pakhonde mpaka usiku, nanga Okutobala uno m'nyumba mungalowemo msanga ndi kutentha kwa kuno.

Nkhani yake ikuchitika pa sekondale ina ku America. Pali kagulu ka ana otchuka amene aliyense amafuna azioneka nawo, ndiye pa intaneti patuluka akaunti yopanda dzina imene ikumaika zithunzi za anzawo zojambula mobisa, uyu akuti ndi wonyansa uyu akuti ndi hule, sukulu yonse nkumaseka m'ma comment. Kenako mtsikana mmodzi mwa onyozedwa aja wasowa. Pasanathe sabata ziwiri winanso wasowa, koma uyu ndi wa kagulu kotchuka kaja, apa mpamene aphunzitsi ndi apolisi akudzidzimuka. Zimenezo zokha zinandiwawa, woyamba uja atasowa anthu ankangoti wathawa yekha ameneyo.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi mtsikana amene akufotokoza nkhaniyi. Iyeyo sanatukwanepo munthu, sanajambulepo chithunzi, ankangoika ka emoji koseka nkutumizira mnzake basi, ndiye buku lonse akulimbana ndi mtima wake kuti kodi ine ndilibe mlandu zoona? Wolembayu sanamupange mngelo komanso sanamupange mfiti, ndi mwana wamba woopa kuti akayankhula mawa chithunzi chikhala chake. Ndikuwerenga ndimangoona ma gulu a WhatsApp a ana athuwa. Chaka chatha mtsikana wina amene ankachita lendi kanyumba pafupi ndi sukulu, awa a self boarding, chithunzi chake chinazungulira m'mafoni mpaka a kabaza ankamuloza akamadutsa, teremu yotsatira sanabwerenso. Ena ankati ali kwa agogo ake cha ku Bangula ena ankati anawoloka kupita ku Mozambique, palibe anapita kukafunsa. Kuno mwana sachita kubedwa ngati m'bukumu, amangosiya kubwera, ife nkumati wakwatiwa kapena fizi yavuta.

Zolakwika zilipo ndithu. Mathero ake athamanga kwambiri, masamba oposa 300 akukukokera pang'onopang'ono kenako zonse nkuululika m'machaputala awiri, ndipo mwini akaunti uja ine ndinamuganizira kale pakati pa buku. Makolo m'nkhaniyi ngati kulibe, mwana akutuluka pakati pa usiku ndi galimoto palibe womufunsa, mwana wanga anachita kundifunsa kuti anti zimenezi zimathekadi? Chizungu chake si cholimba koma muli mawu a achinyamata a kumeneko, za prom ndi ma locker, amene anafunika kumufotokozera. Muli kutukwana apo ndi apo ndi za mowa, ndiye wa Sitandade 8 ine sindingampatse, Fomu 2 kupita m'tsogolo bola.

Pepala lake ndi lopyapyala ndipo guluu sanapirire dzuwa la Chikwawa, ndinaliiwala pa windo masana amodzi masamba a pakati anayamba kuthothoka, ndamata ndi selotepu. Ogulitsa aja anandiuziratu kuti ndi lakale ndiye pamenepo sindiwadandaula, nyenyezi imodzi ndachotsera mathero aja.

Mwanayu analimaliza masiku awiri, ndipo usiku wake tikudya anayamba yekha kundiuza za gulu la kalasi yawo, zinthu zimene chaka chonse sanandiuzepo. Ndinamuuza kuti kuno kwathu lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, kuzunza munthu pa foni kapena pa intaneti ndi mlandu, komanso 116 ndi nambala yaulere imene mwana angaimbe, ndipo ku polisi kuli Victim Support Unit. Zonsezi samazidziwa, ankaona ngati ukachotsa meseji nkhani yatha pamene anzake anatenga kale screenshot.

Panopa buku lili kwa mnzake wa ku Ngabu, pambuyo pake pali ena atatu akudikira. Amene muli ndi ana a sekondale ligulani, koma muyambe mwawerenga nokha, ndipo mulikutire ndi pulasitiki mvula isanayambe.